Mafuta a Makina mu Wotchi ya Amalume

Iwe Taonga, ndakuona m'mawa muja ukundiseka pamene ndimapukusa wotchi. Usakane, unatseka pakamwa ndi dzanja koma mapewa amagwedera. Khalani pansi nonse. Magetsi apita, mafoni anuwo atha moto, ndiye lero mulibe kothawira. Chisomo, khala mbali ino, khutu lakumanzereli linapuma ntchito kalekale, ukafunsira uko ndizingokuyankha za mvula.

Wotchi iyi siidya batire ayi, imadya chala cha mwini wake. M'mawa uliwonse umaivula pamkono n'kupukusa kamutu aka pang'onopang'ono, ukamva kayamba kulimba usiye pomwepo. Susamba nayo, suwaza nayo nkhuni, suigoneka pamwamba pa wailesi. Ndipo kumbuyo kwakeku sutsegula, ngakhale utalota kuti ndiwe mmisiri. Malamulo amenewa sindinabadwe nawo. Ndinawaphunzira mochedwa, nditaiwononga kale.

Inali ya amalume anga a Kalipinde, alongo awo a amayi. Kwathu ku Katete timati atsibweni. Anaigula ku Bulawayo ali mnyamata, akugwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela, ndipo ankati anadya nyemba chaka chathunthu kuti aipeze. Pambuyo pake anasamukira kuno ku Lusaka, napatsidwa nyumba ya khonsolo ku Matero. Ine nditabwera kudzafuna ntchito, mtolo wa bulangete uli pamutu, ndinafikira kwa iwo, ndipo ndinkagona m'khitchini ndi mwana wawo Lameki. Lameki anali msuweni wanga, wobadwira m'tauni, wocheperapo kwa ine ndi zaka zitatu. Inu chisuweni simuchidziwa, mumangoti kazeni, kazeni. Msuweni ndi munthu amene umamutukwana pamaso pa akulu popanda mlandu. Lameki ankauza aliyense kuti tsiku langa loyamba m'tauni ndinawomba m'manja kupereka moni kwa chidole chovekedwa suti m'sitolo ya zovala. Choipa chake n'chakuti zinali zoona.

Ndi amalume amene anapita naye Lameki kwa mkulu wina wokonza mawotchi m'tauni kuti akaphunzire. Atadziwa ntchito anaika tebulo lake pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Matero, ndipo kuyambira pamenepo panalibe wina wotsegula wotchi ya atate ake. Ine ndinali nditakwatira agogo anu a Esinati n'kusamukira kuno ku komboni ya George, koma Loweruka lililonse ndinkapita kukakhala pakhondepo, tikunyozana mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka china, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, amalume anadwala. Anapempha kuti akafere kumudzi, ndipo anakaferadi. Titaika maliro ndi kumeta, katundu amene anapita naye anayalidwa pamphasa. Masiku ano kuli lamulo, mkazi ndi ana amalandira. Nthawi imeneyo kwathu mwana anali wa kwa amayi ake, ndipo za mwamuna zinkapita kwa abale ake ndi ana a alongo ake. Njinga inapita kwina, suti kwina, wailesi kwina. Lameki anakhala kumapeto kwa mphasa, manja ali pamaondo, dzina lake osatchulidwa.

Wogawa anali amayi aakulu a Tisauke, akulu awo a amayi anga. Maso awo anali atayamba khungu, koma khutu linkamva nsabwe ikuyenda m'chovala cha mnzawo. Anatola wotchi, anaimvetsera, kenako anandiitana.

"Eliya, iyi sitikukupatsa, tikukusungitsa. Pa bona udzabwere nayo ikuyenda. Wolephera kusunga kanthu ka pamkono sangasunge mbumba."

Bona ndi mwambo wa pakatha chaka, pamene amafulula mowa wokumbukira womwalirayo n'kusankha wolowa dzina lake. Ife a tchalitchi tinkamwa thobwa, koma mwambo unali womwewo. Wolowa dzina ndiye amakhala mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, maukwati awo, milandu yawo ndi minda yawo. Oyenera tinalipo awiri, ine ndi Fakisoni, mwana wa amayi aang'ono. Fakisoni anali munthu wa kachasu, ndipo anali atayamba kale kuyeza ndi maso dimba la amayi anga, limene linkadyetsa alongo anga awiri amasiye ndi ana awo. Wotchi ikanafika pa bona itafa, dzina likanapita kwa iye pamodzi ndi mawu omaliza pa dimbalo.

Ndinailandira ndi manja awiri, koma Lameki ndinalephera kumuyang'ana. Tinabwerera kuno pa basi imodzi osalankhulana, ndipo chisuweni chathu chinathera pamphasa paja. Za Loweruka zija ndinaleka. Ndikakhala ndi ulendo wodzera ku Matero ndinkazungulira kuti ndisadutse pamsika.

Inu mukadandaula kuti zinthu zavuta chifukwa bando ya m'foni yatha, ine ndimangokuyang'anani. Zaka zimenezo ukaona mzere unkayamba waima kaye, kenako n'kumufunsa wakutsogolo kuti kodi akugulitsa chiyani. Ufa mzere, sopo mzere, mafuta ophikira mzere, ndipo nthawi zambiri unkafika pakhomo la sitolo akutseka. Tiyi tinkamwera switi, woika m'tsaya n'kumapsontha. Mabatire a wailesi tinkawayanika padenga kuti atolere mphamvu, osafunsa ngati n'zoona, tinkangokhulupirira. Ine ndinkagwira ntchito pafakitale ya ndowa, koma malata opangira ndowazo analeka kubwera, moti sabata zina tinkangogwira masiku awiri. Anthu ankagulitsa masuti a ukwati, mipando, ngakhale malata a chimbudzi. Bambo wina pa siteshoni anagwira mkono wanga n'kunena kuti ndikamupatsa wotchiyo andipatsa matumba awiri a ufa. Ndinakana, koma ndinayenda mtunda wautali ndikuganizira matumba awiriwo, pakuti amayi ako, Taonga, anali ndi zaka zinayi ndipo miyendo yawo inali ngati ya nkhuku.

Wotchi inayenda bwino m'chilimwe chonse ndi m'dzinja monse. Ndinkaisamala kuposa mano anga, ndipo mukuona mmene manowo anathera. Mvula ikagwa ndinkaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuibisa m'kabudula. Koma mvula itatha inayamba ulesi. Wailesi ikati wani koloko, iyo imati kwatsala mphindi zisanu. Sabata yotsatira khumi. M'mawa wina ndinaipeza itaima, chikhalirecho ndinali nditaipukusa. Ndinaigwedeza, inayambanso, koma mtima wanga sunabwerere m'malo. Sabata yomweyo kunabwera kalata yochokera kumudzi, yakuti chimera chaviikidwa, bona ndi pakatha masabata atatu.

Munthu wanzeru akanapita ku Matero tsiku lomwelo. Ine manyazi anandimanga miyendo. Ndikanayamba bwanji, kumutengera munthu wotchi ya atate ake, imene anamanidwa ine ndikuona, kuti andikonzere ine ndikatamandidwe nayo? Ndiye ndinadziuza kuti vuto ndi laling'ono. Kwathu chitsulo chilichonse chikayamba ulesi mankhwala ake ndi amodzi. Njinga ikalira, mafuta. Ngolo ikalira, mafuta. Chitseko, mafuta. Agogo anu anali ndi makina osokera, ankasoka mayunifolomu a sukulu, ndipo anali ndi kachitini ka mafuta a makinawo kamene ankakabisa m'thumba la nyemba ngati mankhwala a ufiti.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi, iwo atapita kukaona wodwala, ndinakhala pakhomo pomwe wakhala Chisomopo. Ndinatenga kampeni n'kutsegula kumbuyo. Ana inu, m'katimo ndi mokongola. Timagudumu tating'ono, timiyala tofiira, ndi kagudumu kamodzi kamene kamangopita uku n'kubwerera, kali ndi kasipuling'i kozungulira kopyapyala ngati tsitsi. Ndinaona kuti kameneko ndiye kakugwira ntchito kwambiri, choncho ndiko katopa. Ndinakadonthezera dontho limodzi. Ndinaona kuti limodzi ndi umbombo, ndinawonjeza awiri. Paja amati ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Poyamba ndinakondwa, chifukwa inayamba kugunda mwachangu ngati yachira. Pofika madzulo inali itatsogola ndi maola awiri. M'mawa tambala akulira, iyo imati ndi masana. Ndinachita mantha, ndipo mantha ndi amene anandipusitsa kachiwiri. Ndinakulunga kansalu kunsonga ya singano kuti ndipukute mafutawo. Sindinamve n'komwe kuti ndakhudza kanthu. Ndinangoona kasipuling'i kaja kapindika mbali imodzi, kagudumu kanjenjemera kawiri, n'kuima.

Agogo anu anandipeza ndili pakhomo pomwepo, kampeni kali pansi, kachitini kawo kali poyera. Anayamba ndi za mafuta awo, ndipo anazinena mokwanira, mawu ena sindingawabwereze kwa ana. Atatopa anakhala pansi n'kundiuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipite kwa Lameki. Ndinati ndamva, koma m'mawa mwake ndinalowera ku tauni.

Nthawi imeneyo okonza mawotchi ankakhala m'makonde a masitolo, aliyense ndi kabokosi kake ka galasi. Koma panali lamulo limene aliyense ankalidziwa: wotchi suisiya. Zitsulo zatsopano zinali zitaleka kulowa m'dziko, ndiye mmisiri akafuna kukonza ya wina ankazula m'ya wina. Anthu ankanena kuti ukasiya wotchi yabwino ukaitenga ili ndi matumbo a galu, timiyala tofiira tija atatikolopola. Kaya zinali zoona kwa onse, sindidziwa, koma tonse tinkakhala pomwepo, maso ali pa zala za mmisiri, mpaka atatseka. Woyamba amene ndinamupeza anatsegula, analiza kamluzu, n'kunena kuti kasipuling'i kameneko kulibe m'Zambia yonse, koma angandisinthe ndi wotchi ya batire yoimba nyimbo. Wachiwiri anati ndiisiye sabata imodzi, ndipo mmene ankaiyang'anira, ndinaitsomphola m'manja mwake. Ndinataya masiku anayi ndikuzungulira chonchi. Pamkono pamene panali wotchi ndinkangopasisita ngati pali chilonda.

Tsiku lachisanu ndinapita ku Matero. Lameki anali pamalo ake, kagalasi kake kali pachipumi, atawonda. Ntchito yake inali ikufa, chifukwa mawotchi a batire aja anali atadzaza m'misika, ndipo akafa anthu ankangotaya. Anandiona ndikubwera patali koma sanaseke.

"Mwauka bwanji, ba Eliya."

Ba Eliya! Munthu amene ankanditchula kuti wopatsa moni zidole. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwana. Ndinatulutsa wotchi m'kansalu n'kuiika patebulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanaigwire. Kenako anatsitsira kagalasi padiso, anatsegula, n'kununkhiza.

"Mwaikamo chani muno?"

"Mafuta a makina osokera."

"Nkoloko iyi imadya kadontho kamozi pa zaka zibili, na mafuta yake ni yosiyana. Imwe mwaisambika monga njinga. Manje apa mwagwilapo na chani?"

"Singano."

Anandifotokozera, osandiyang'ana, kuti mafutawo anamatitsa kasipuling'i, n'chifukwa chake inkathamanga, ndipo zimenezo akanangotsuka tsiku limodzi. Koma singano ndiyo inapha. Kena kunalibe koti n'kukapeza. Njira inali imodzi yokha, kukawongola ndi manja, mzere ndi mzere, ndipo kakathyoka ndiye kuti zathera pomwepo. Ndinamuuza za bona, ngati kuti iye sanalandire kalata. Anati ndiisiye masiku atatu, ayesa, koma salonjeza.

Apa ndi pamene ndinalakwa kulakwa kumene kumandisowetsa mtendere kuposa mafuta aja. Ndinakoka kreti ya mabotolo imene inali pakhondepo n'kukhala pansi, pafupi ndi chigongono chake. Chizolowezi cha m'tauni, wotchi suisiya. Lameki anachotsa kagalasi padiso n'kundiyang'ana koyamba.

"Nkalani, ba Eliya. Muziwelenga na tumiyala twake, tuli seventini, kuti nisabe vinthu va batate."

Ndikanatha kuimirira pamenepo n'kupepesa, koma sindinaimirire. Ndikuuzeni zoona, ndinkamuopa. Ndinkaganiza kuti munthu amene tinamumana ali ndi chifukwa chobwezera. Angazule kanthu, angandiuze kuti yafa n'kuisunga, angaikonze mwakuti ikaime pamaso pa amayi aakulu. Munthu ukalakwira mnzako umayamba kumuona ngati iye ndiye wakuba. Ndinakhala pa kretiyo tsiku lonse.

Anaiphwasula yonse. Kachitsulo kalikonse ankakatola ndi kopanira konga kozulira minga, n'kukaviika m'kabotolo ka benzini, n'kukayanika pa sosala yoyera. Timabowo ankatitokosa ndi kamtengo ka machesi kosongola. Inali nthawi ya mphepo, fumbi la Matero mukulidziwa, ndiye minibasi ikamadutsa ankavundikira sosalayo ndi tambula n'kudikira. Ndinkayang'ana wotchi ya amalume ili zidutswazidutswa ngati mpunga wotayika, ndipo sindinkakhulupirira kuti munthu angaibwezeretse. Dzuwa litapendeka anaika tonse m'kachitini ka polishi, anayala thonje pamwamba, anatseka, n'kundipatsa. Anati nditenge ndikagone nazo, kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndinayenda kuchoka ku Matero mpaka kuno kachitiniko kali m'manja awiri ngati ndanyamula dzira, ndikuopa mwala uliwonse wa m'njira.

Tsiku lachiwiri ndilo la kasipuling'i. Anatchinga mphepo ndi katoni, anaika kagudumu kaja pa pepala loyera, n'kutenga zopanira ziwiri. Akagwira apa, amakankha apo pang'ono kwambiri moti ine sindinkaona kuti chasintha n'chiyani. Ankagwira mpweya akamakankha, ndipo ndinadzazindikira kuti nanenso ndikugwira. Mayi wina anabwera kuti amuikire batire, kasitomala yekhayo wa tsikulo, Lameki anangomuuza kuti abwere mawa osadzutsa mutu. Masana ndinaona dzanja lake likunjenjemera. Analiika pansi, analitambasula, anadikira, n'kuyambanso. Ndi pamene ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa sanadye kanthu. Madzulo nditawauza agogo anu, anandiphikira mbatata zitatu kuti m'mawa ndipite nazo. Ndinaziika pakona ya tebulo, iye anazidya ine nditayang'ana kumsewu.

Tsiku lachitatu anaimanga. Mafuta ake anali m'kabotolo kochepa ngati chala cha mwana, ndipo ankawatenga ndi nsonga ya kawaya, kadontho kosaoneka n'komwe. Pomaliza anatsitsira kagudumu kaja m'malo mwake. Kanaima. Anakakhudza pang'ono, kanayamba kupita ndi kubwerera. Ndinatsala pang'ono kugwada pakhondepo. Koma sinathe ngakhale theka la ola, inaimanso. Lameki anaitembenuza, anayang'ana cham'mbali, n'kunena kuti mzere umodzi ukukhudza pansi. Anayambiranso. Kunali kutatsala masiku khumi ndi limodzi, ndipo ulendo wa kumudzi pawokha unkafuna masiku atatu.

Inayenda tsiku lachisanu, koma kuyenda ndi kunena zoona ndi zinthu ziwiri. Masana aliwonse ndinkapita nayo, mwini sitolo akatsegula wailesi ya wani koloko, Lameki amayerekeza, n'kusuntha kachitsulo kena m'kati pang'ono ngati kuphethira. Lero yatsogola mphindi zinayi, mawa yatsalira ziwiri. Ine ndinali ndi nkhawa ina imene inkandidya kuposa imeneyo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati akanene kumudzi zimene ndinachita. Anatseka kumbuyo kwa wotchi, anaipukuta ndi kansalu, n'kunena kuti ndibwere mawa nthawi yomweyo. Tsiku lomaliza ndinamufunsa kuti ndimulipire bwanji.

"Sinilipilitsa batate," anatero.

Basi ya ku Katete tinaidikira masiku awiri pa siteshoni, pakuti mabasi ambiri anali atakhala pa miyala kusowa matayala. Inu mumakwera zija za makatani ndi kanema, n'kumadandaula kuti mpando sukugona. Yathu inali ndi mbuzi pamwamba ndi anthu oimirira mpaka pakhomo. Msewu unali maenje okhaokha, ndipo basi ikagwera m'dzenje ndinkakweza mkono m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho, kenako n'kuika wotchi pakhutu. Mayi amene ndinakhala naye anafunsa ngati ndili ndi matenda a khunyu. Lameki anali mipando inayi kutsogolo kwanga. Njira yonse ndinkayang'ana kumbuyo kwa mutu wake, ndikuyesa kuwerenga zimene akanene.

Tsiku la bona anthu anadzaza pabwalo la amayi aakulu. Mowa unali uko, thobwa uku, ndipo ine sindinamwe chilichonse. Dzuwa litafika paliwombo anatiitana a m'banja pansi pa mtengo wa mango. Amayi aakulu anali atakonzeka bwino, anali atabwereka mabatire n'kuika m'wailesi ya amalume ija. Ndinavula wotchi n'kuwapatsa. Anaiika pakhutu, anatseka maso, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anapatsa Fakisoni kuti ndiye aone mivi, popeza iwo sankaona. Wailesi itati wani koloko, Fakisoni anayang'anitsitsa, anapendeketsa, anayang'ananso, n'kuvomera ndi mawu a m'mphuno kuti ili ndendende.

"Mwaonatu," anatero amayi aakulu. "Mwana uyu amasunga. Ikugunda bwino kuposa mmene inkagundira kwa mwini wake. Tikanapatsa wa m'tauniyu, bwenzi atasinthitsa kale ndi ufa."

Anthu anaseka. Lameki anali atakhala mayadi atatu kuchokera pamene ndinali, manja ali pamaondo ngati tsiku lija. Mawu anali atafika kale pakamwa panga, akuti amayi, wotchi iyi ndinaipha ine, waiukitsa ndi uyu. Koma ndinaona Fakisoni, ndinaona amayi anga akumwetulira, ndinakumbukira dimba, ndipo ndinameza. Ndinadikira kuti Lameki anene yekha. Iye anatola kamtengo n'kumakanda pansi mpaka kuseka kutatha. Madzulo ake amayi aakulu anandipatsa dzina la amalume, n'chifukwa chake inu mumandidziwa kuti agogo a Kalipinde. Dimba linakhala la amayi, ndipo alongo anga analera ana awo ndi matimati a m'menemo.

Pobwerera basi inaima pa mlatho wa Luangwa, pamene anthu amatsika kugula nsomba zouma ndi madengu. Ine ndinaima pandekha pamthunzi, ndikusanja mawu opepesera amene sankasanjika. Lameki anabwera, anagwira mkono wanga osapempha, anaukweza n'kuika khutu lake pa wotchi. Anamvetsera mpaka dalaivala kuyamba kuliza hutala.

"Mvula ikasila mubwele nayo. Chaka na chaka."

Ndinati kodi suja unati mafuta ake ndi a zaka ziwiri.

"Ni zaka zibili, ee. Koma mubwele nayo chaka na chaka."

Ndine wochedwa kumva, agogo anu angakuuzeni, koma pamenepo ndinamva.

Ndithere apa, mawu ayamba kusasa. Amayi aakulu anamwalira osadziwa zoona, ndipo Lameki nayenso anatisiya iwe Chisomo usanabadwe, ine ndisanamuuze pepani ndi pakamwa. Chaka chilichonse ndinkati ndinena, chaka chilichonse ndinkachita mantha, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Chimene ndinatha ndi ichi chokha. Mvula ikatha ndinkapita nayo ku Matero, n'kuiika patebulo, n'kuchoka. Ntchito ya tsiku limodzi, chaka choyamba ndinaisiya sabata. Chaka china mwezi. Kenako miyezi iwiri, itatu, ine ndikufunsa nthawi kwa anthu m'njira ngati wopanda wotchi. Iye sanatumepo uthenga kuti yatha, inenso sindinafunse.

Chaka china ndinapita kukaitenga nditaisiya miyezi inayi. Nditafika pakona ya sitolo ndinamuona ali pakhonde, imvi zitayamba, akuwerenga nyuzipepala, malaya atapinda mpaka m'chigongono. Wotchi inali pamkono pake. Iye sanandione. Ndinabwerera cham'mbuyo, ndinadzera kuseri kwa msika, n'kubwera kunyumba. Agogo anu atafunsa kuti nanga wotchi ili kuti, ndinawauza kuti Lameki wati sinathe.